Nthethe Yagwera Pati?

Panali munthu wina, mmisiri wa mipando, amene anali ndi shedi yake m'mbali mwa msewu wafumbi wopita kumsika. Ankakhoma masofa, mabedi ndi timatebulo ta pabalaza. Sanali wolemera, koma mpando wake sunkagwedera, ndipo zimenezo zinkadziwika m'dera lonselo.

Inu mkwati ndi mkwatibwi, mwakhala mukumwetulira anthu kuyambira m'mawa, masaya ayenera kuti akuwawa. Apumitseni pang'ono. A kubanja andituma kuti ndikupatseni mawu awiri okha, koma ine mawu awiri sindiwadziwa, choncho mumva fanizo. Oimba inu, tsitsani kaye zoimbira zanuzo. Perekaniperekani sathawa.

Mmisiri uja anali ndi mwana wamkazi, dzina lake Ndaziona. Ali wamng'ono ankakonda kukhala pachidutswa cha thabwa m'shedimo, n'kumaonerera bambo ake akukhomera anthu ena mipando. Tsiku lina anafunsa kuti, "Ababa, nanga wanga mudzakhoma liti?" Bambo ake anati, "Tsiku la ukwati wako udzakhala pampando wokhomedwa ndi manja angawa, osati wobwereka." Ana saiwala. Zaka zinapita, mnyamata anabwera, chinkhoswe chinachitika, ndipo tsiku linaikidwa, Loweruka lina la mu Okutobala, mwezi umene ngakhale mthunzi umatentha. Ndaziona anakumbutsa bambo ake lonjezo lija.

Koma chaka chimenecho nyamakazi inali itamugwira mmisiriyo paphewa la kumanja. Akakhoma misomali khumi, nyundo inkalemera ngati thumba la simenti. Matabwa anadula, siponji anagula, nsalu yofewa yofiirira anaicheka bwinobwino, koma kukhoma kunkakanika. Linafika Lachinayi mpando ukadali mulu wa matabwa pansi. Sanauze munthu kuti akuopa. Mkazi wake yekha, aNangondo, ndiye anaona kuti chakudya chikubwerera m'mbale.

Lachinayi lomwelo, dzuwa litapendeka, kunafika mng'ono wake wa mmisiriyo kuchokera ku Joni. Mukudziwa mmene amafikira a ku Joni: nsapato zosongoka, magalasi akuda pamphumi, Chichewa chikuchita kuterera pakamwa. Anapereka moni, anamwa madzi, kenako anatsegula bokosi limene anabwera nalo. M'menemo munali mfuti yokhomera misomali, pamodzi ndi kompuresa wake, makina aja opopa mpweya umene umakankha msomali. Analumikiza paipi, anagunditsa kamwa la mfuti pathabwa, anakhethemula. Pha! Msomali unalowa wonse, kungotsala kadontho ka mutu.

Mkulu wake anailandira ndi dzanja lamanzere, limene nyamakazi inalisiya. Anayesa kamodzi. Anayesanso. Kenako anaseka ngati mwana amene wapatsidwa njinga, ndipo anakhoma misomali isanu pathabwa lopanda ntchito chifukwa chongosangalala. Tsiku limenelo mbale inabwerera yopanda kanthu.

Ndinene pano kuti wina asandimve molakwa. Mfutiyo inali mphatso yabwino, ndipo mng'onoyo anaibweretsa ndi mtima wabwino. Fanizo ili si lonyoza zinthu zatsopano.

Koma shedi ija inali ndi zizolowezi zake ziwiri, ndipo mfuti sinkazidziwa.

Choyamba chinali matabwa. Matabwa a m'kati mwa sofa, amene diso siliwaona, amisiri athu amatenga a mapaleti, aja amasanjikapo katundu m'malole. Ndi olimba ndithu, koma anakhomedwapo kale. Pozula misomali yakale, wina umaduka, mutu n'kutuluka, thunthu n'kutsala m'kati. Ukalipala thabwalo limasalala, osaonetsa kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukamakhoma ndi nyundo n'kugunda chitsulo chobisikacho, msomali wako umangopindika, iwe n'kudandaula pang'ono, n'kuuzula. Mfuti simapindika mtima choncho. Imamenyetsa chitsulo pachitsulo ndi mphamvu yonse.

Chachiwiri chinali utuchi. Amisiri a m'mbali mwa msewu sasesa, ndipo si ulesi. Amati shedi yosesedwa ndi ya munthu amene ntchito inamuthawa. Wodutsa akaona utuchi wafika m'akakolo, amadziwa kuti pano pali manja otanganidwa, ndipo amaima kufunsa za sofa. Komanso aNangondo ankaweta nkhuku, ndipo utuchi wonsewo unkadikira tsiku lake lokayalidwa m'khola. Choncho m'shedimo munali utuchi wa miyezi itatu, wouma gwa, ndipo mwa apo ndi apo munali tisanza tofufutira vanishi timene tinagwa n'kukwiririka.

Lachisanu m'mawa abale awiriwo anayamba ntchito akuimba. Mkulu ankagwira matabwa, mng'ono ankakhoma. Pha, pha, pha. Miyendo ya mpando inaima, mikono inaima. Siponji inali itasanjidwa pakona mpaka kudenga, nsalu yofiirira ili pamwamba pake, ndipo chitini cha guluu chinali chotsegula kale, fungo lake litadzaza shedi yonse. Anthu odutsa ankaima kuonerera. Mng'onoyo ataona kuti pali maso, anayamba kukhoma mosintha manja.

Atafika pathabwa la kumsana, mfuti inalira mwa mtundu wina. Msomali unapindika, unauluka n'kukagunda lata. Ndipo pakamwa pa mfuti panathetheka nthethe, kamoto kakang'ono kowala, kamene kanalumpha n'kusowa.

Oonerera anaseka. Mng'ono anasekanso, nakweza mfuti kuti apitirize. Koma mkulu wake anamugwira mkono.

"Yagwera pati?"

"Chiyani, achimwene?"

"Nthethe ija."

"Aa, kamoto kaja? Kazima kale. Ku Joni timationa tsiku ndi tsiku. Zimangosonyeza kuti mfuti ili ndi mphamvu."

"Sindinafunse ngati yazima. Ndafunsa kuti yagwera pati."

Mng'onoyo analoza ndi chibwano chapakona penapake. Anayang'ana onse awiri. Panalibe utsi. Ananunkhiza, koma mphuno zinangomva guluu. Mng'onoyo sananame ponena kuti nthethe ankaziona tsiku ndi tsiku. Chimene anaiwala n'chakuti kumene ankazionako pansi panali pa simenti, posesedwa kawiri patsiku, ndipo guluu ankakhala m'chipinda chakechake.

Mmisiri uja anamwaza maso m'shedimo. Anayang'ana utuchi, anayang'ana siponji, anayang'ana nsalu yofiirira imene anayenda sitolo zinayi kuti aipeze. Anayang'ananso dzuwa, limene linali litakwera kale. Akasiya ntchito, mpando mwina sutha. Akapitiriza, mwina sipakhala mpando woti uthe. Njira zonse ziwiri zinkafika pa mwana wake.

Ndiye anawerama n'kuchotsa paipi kumfuti. Mpweya unatuluka ndi mluzu wautali, ndipo shedi inakhala zii.

"Achimwene, ukwati ndi mawa."

"Ndikudziwa. Mwana ndi wanga."

"Tikayamba zosesa, mpando uwu sutha."

"Kuthamanga si kufika. Tenga wilibala."

Mng'onoyo anatenga wilibala, koma mtima wake unali ukuwira. Ananyamula mfuti ulendo wonse uja, kudutsa nayo m'zipata, kuti apulumutse mkulu wake ku manyazi, ndipo tsopano iye, wa nsapato zosongoka, ankakankha zinyalala anthu akuona.

Anatulutsa siponji yonse n'kukaiika m'nyumba. Anatseka chitini cha guluu n'kukachiika pansi pa mtengo wa mango. Kenako anayamba utuchi. Anaukokolola ndi fosholo, anaukweza pawilibala, anakautaya kuseri kwa nyumba pabwalo loyera, kutali ndi mpanda waudzu. Maulendo khumi ndi umodzi. Atafika padothi lenileni, limene shediyo inali isanalione kuyambira mwezi wa Julaye, mmisiri anatenga keni yothirira mbewu n'kuwaza madzi paliponse.

Oyandikana nawo anayamba kunong'onezana kuti mwina mwini malo wawathamangitsa. ANangondo anatuluka m'khitchini manja ali m'chiuno.

"Bambo a Ndaziona, utuchi wa nkhuku zanga ukutani padzuwa?"

"Ukupumako mphepo."

"Lero? Ndi alendo onsewa?"

Iye anapitiriza kuwaza madzi, ndipo aNangondo anabwerera akupukusa mutu. Anali atakhala naye zaka zokwanira kudziwa kuti munthuyo akasiya kuyankha, ndiye kuti wamaliza kuganiza.

Chovuta kwambiri chinabwera chakumasana. Ndaziona anafika kuchokera komangitsa tsitsi, mutu utamangidwa mbali imodzi, kuti adzasuzumire mpando wake. Anapeza shedi yopanda kanthu, pansi ponyowa, ndi mafupa okhaokha a mpando ataima pakati. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangofunsa motsitsa mawu.

"Ababa, mawa ndikhala pa chiyani?"

"Ukhala pampando, mwanawe."

"Ngati zavuta, tikhoza kubwereka wa kutchalitchi. Sindidandaula."

Ananena choncho misozi ili lengelenge. Mawu amenewo anamupweteka mmisiriyo kuposa nyamakazi. Koma paipi sanailumikize. Anati, "Pita ukamalizitse tsitsi," ndipo mwanayo anapita.

Panali patatsala chinthu chimodzi. Mmisiri anatenga maginito a sipika ya wailesi yakufa, anawamanga ku chingwe, n'kumawakoka pang'onopang'ono pamwamba pa thabwa lililonse. Pamene maginito akakamira, ankalembapo mtanda ndi khala. Anapeza malo asanu ndi awiri. Misomali isanu ndi iwiri yoduka inali itagona m'matabwa osalalawo, kudikira mfuti. Kenako anafufuza m'bokosi la mfuti muja n'kupeza magalasi oteteza maso, akadali m'pepala lake. Mng'onoyo anali asanawavalepo chifukwa ankati amaononga maonekedwe. Mkulu anawavala, anaoneka ngati kadzidzi, ndipo anati amene akugwira mfuti ndiye azivala.

Anayambanso kukhoma dzuwa litadutsa paliwombo, tsopano mfuti ili m'dzanja lamanzere la mkulu. Ankalambalala mitanda ya makala ija. Mfuti inkalira bwino, koma nyimbo panalibe, chifukwa mng'onoyo anali atatupa.

Patapita ola limodzi, anamva mawu a aNangondo kuseri kwa nyumba. Sanali mawu okuwa.

"Bambo a Ndaziona, tabwerani mudzaone. Alamu, nanunso bwerani."

Pamwamba pa mulu wa utuchi pankatuluka utsi, woonda ngati ulusi. Mng'onoyo anati mwina amayi ophika agwetsapo khala. Koma mafuwa anali mbali ina ya bwalo, nkhuni zitasanjidwa, moto usanayatsidwe. Anatenga fosholo n'kukumba pamene pankafukapo. Atakumba kawiri, m'kati munaoneka mofiira. Munali chimoto chachikulu ngati dzungu, chopanda malawi, chikudya utuchi mwakachetechete, ndipo pakati pake panali kasanza ka vanishi katapsa theka. Mphepo itangochikhudza, chinayaka.

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Mng'ono uja anatembenuka kuyang'ana shedi, pakona pamene panali siponji m'mawa, ndi nyumba imene inali mapazi atatu kuchokera pamenepo, yodzaza alendo ndi ana awo. Anakhala pawilibala. Anachita mantha, ndipo anachita manyazi. Anadikira kuti mkulu wake amuuze mawu aja amene tonse timakonda kuuza anzathu, akuti ndinanena ine.

Mkulu wake anayang'ana motowo kwa kanthawi, magalasi a kadzidzi ali kumaso. Kenako anati, "Ndiye inagwera apa."

Sanawonjezerepo kanthu.

Amene anathetsa chete anali aNangondo. Anati, "Alamu, poti moto mwachita kubwera nawo kuchokera ku Joni, musautaye wonse. Tapani pafosholopo mukauike pamafuwa. Machesi ndimawasakasaka kuyambira m'mawa."

Amayi onse anafa nako kuseka. Mng'onoyo anatapa moto pafosholo, anadutsa nawo pabwalo mosamala ngati wanyamula khanda, anakauika pansi pa nkhuni. Wotsalawo anauthira madzi mpaka unasanduka matope. Choncho nyama ya mbuzi ndi nyemba za ukwati wa Ndaziona zinapsa ndi nthethe ija. Moto umene ukanadya mpando unaphika ndiwo.

Kuchokera pamenepo nyimbo inabwerera. Anakhoma m'shedi, ndipo zomata siponji ndi guluu anachitira panja, pansi pa mango, kutali ndi mfuti. Anakoka nsalu yofiirira, anaipinda m'makona, anaikhoma. Dzuwa likufiira, anafika kumsana kwa mpando, ndipo apa anapeza kuti chidutswa chomaliza cha nsalu chinagwa pa nthawi yosamutsa katundu ija, ndipo wina anachiponda m'matope. Chochapa chikanauma mawa, ndipo sitolo zinali zitatseka.

ANangondo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chawo chatsopano, chobiriwira, chojambulidwa nkhanga, chimene anasunga kuti adzavale Lamulungu. Anati, "Kumbuyo ndani amayang'anako?" Anachipinda pawiri, mng'ono anachigwira, mmisiri anakhoma. Mpando unatha kuwala kukadalipo.

Ndaziona anabwera tsitsi litatha. Anaima patsogolo pa mpando wake. Kenako anakhalapo, anadzigwedeza uku ndi uku monga ankaonera makasitomala a bambo ake akuchitira, ndipo mpando sunagwedere. Analira, koma kulira kwake kunali kwina, ndipo bambo ake anavula magalasi aja n'kunamizira kuti alowa fumbi m'maso. Loweruka anakhala pampandowo ndi mwamuna wake. Mmisiri anavina mpaka phewa linaiwala kuti limadwala, ngakhale Lolemba linakumbukira.

Fanizo lathera pamenepo. Tsopano ndikhale ndi inu awiri.

Nonse ndinu matabwa abwino, koma munakhomedwapo kale. Aliyense wachokera kunyumba kwake ndi timisomali take toduka, timene mnzake sanatione chifukwa pa chibwenzi munthu amadzipala n'kusalala. Tsiku lina mawu adzagunda pa kamsomali kotero, ndipo padzathetheka. Musadzadabwe, ndipo musadzaganize kuti mwakwatirana molakwika. Chitsulo chikakumana ndi chitsulo chimatero. Koma amene mwathethetsa musadzanene kuti kanali kamawu kakang'ono, kazima kale. Mudzasiye zimene mukuchita, ngakhale muli pachangu, mudzafunse mnzanu kuti, yagwera pati? Mwina yagwera pa zakale zimene munasiya osasesa. Muzitulutse panja kukadawala, zikapsere poyera. Ndipo amene mwapezeka kuti munali olondola, mudzachite ngati mmisiri uja, mudzasunge ndinanena ine m'thumba.

Ndikuona ena kumbuyoko akhala akundiyang'ana ndi diso la m'mbali kuyambira pa nsapato zosongoka paja. Chabwino, ndavomera. Mng'ono uja ndine. Mmisiri ndi uyo wakhala apoyo akuyang'ana pansi, bambo ake a mkwatibwi wathuyu. Ndaziona ndi uyo wanyamula mwana kumbuyo, mkulu wake wa mkwatibwi, ndipo banja lake chaka chino lakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu. Mlamu wanga aNangondo mpaka lero akundikumbutsa za chitenje.

Inu mkwati, simunadziwe chimene mwakhalira. Mukaimirira kuti mukavine, mugwire mkazi wanu dzanja, muzungulire kumbuyo kwa mpandowo. Nkhanga zija zikadalipo.